Pansi pa Thanthwe la Chipewa

1

Dzina langa ndine Hanifa. Ndimagulitsa zitenje ku City Market muno mu Lusaka, ndipo ndimakhala ku Kabwata m'nyumba imene anandisiyira malemu amuna anga, Che Omali. Makolo athu anachokera ku Mangochi ife tisanabadwe, koma Chisilamu ndi chinenero sitinazitaye. Pamsika aliyense amadziwa kuti ndili ndi pakamwa. Ukandiponda chala ndimakuuza pomwepo, ngakhale utavala suti. Koma pa nkhani imodzi yokha imene inkafunikadi pakamwa pangapa, ndinakhala duu miyezi isanu ndi itatu. Mpaka lero ndikadziona pagalasi ndimamva nseru.

Zinayamba Lamlungu lina masana ndikusita. Mwana wanga mmodzi yekhayo, Ramla, amene ndi namwino, analowa akumwetulira mano onse pamtunda.

"Amami, kuli munthu afuna kubwela kukuonani."

"Munthuyo alibe dzina?"

"Ni Ayub. Mwana wa ba Nuria ba ku Kabulonga. Ati imwe na bamai bake munali kuzibana kudala."

Simbi ija ndinaiiwala pansalu mpaka fungo la kupserera linadzaza m'nyumba.

"Amami, mwaocha chitenje! Nanga ni chani? Simunakondwele?"

Ndinamuyang'ana mwana wanga. Chimwalirireni bambo ake ndinali ndisanamuonepo akuwala nkhope chotero. Mawu anafika pakhosi penipeni, koma ndinawameza.

"Ndakondwa, mwananga," ndinatero. Limenelo linali bodza langa loyamba.

2

M'mawa mwake ndinamusiyira mnzanga benchi, ndinakwera minibasi wa ku Kabulonga. Nuria ndinamupeza atanenepa, zibangili zagolide mpaka m'zigongono, pafyumu wake wochita kukuwawa m'mphuno. Zaka makumi awiri ndi zisanu zapitazo ine ndi mkazi ameneyu tinkabwerekana mchere ndi sopo, amuna athu akumanga nyumba pa famu ina kuseri kwa Chongwe. Ake anadzatsegula sitolo ya simenti ndi malata, nalemera. Anga anamwalira akadali mmisiri wa njerwa.

"Che Hanifa!" anakuwa atatambasula manja. "Mwamva zimene achita anawa? Mulungu ndi wamkulu, tikhala pachibale!"

"Pachibale tili kale, Che Nuria. Inu mukudziwa."

Kumwetulira kuja kunazima. Anakatseka chitseko cha pabalaza, nabwerera akulankhula motsitsa.

"Musayambe. Zija zinapita ndi madzi a mtsinje uja."

"Ukwati umenewu sungachitike."

"Alipo anaona? Amuna anu ali kumanda, anga sadziwa kanthu. Ndipo munalumbira mutagwira dzanja langali kuti simudzauza munthu. Mwaiwala?"

"Ndinalumbira ndisanadziwe kuti zidzafika apa."

"Ndiye pitani mukamuuze Ramla wanuyo. Mukamuuze kuti mwamuna amene wamukonda, wopemphera, wosamwa mowa, wantchito yake yabwino, amusiye. Mudzamupezera wina ku Kabwata kwanuko? Kondakitala wa minibasi kapena?"

Ndikanamulavulira kumaso. Koma tamverani zimene ndinachita ine wapakamwa uja: ndinamwa tiyi wake, ndinadyanso masamusa ake atatu. Maso anga ankangoyendayenda, pa matailosi, pa makatani, ndikumuona Ramla wanga akutsika masitepe aja ngati mwini nyumba. Ndinadziuza kuti ndikuchitira mwana. Bodza! Linali dyera basi. Pochoka Nuria anandipatsa mpango wa silika, ine n'kulandira ndi manja awiri, n'kugwada pang'ono. Ptu!

3

Akuluakulu a mbali zonse anakumana, tsiku la nikahi, ukwati wathu wa Chisilamu, linaikidwa. Ayub ankabwera kunyumba Lamlungu lililonse, mnyamata waulemu, wovula nsapato pakhomo asanauzidwe. Akandipatsa moni ndinkayang'ana kumbali. Anthu ankaseka, ati Che Hanifa ndi mpongozi wachikale, wamanyazi. Sanali manyazi. Ndikamuona atakhala moyandikana ndi Ramla, ndinkadzuka n'kuthawira kukhitchini.

Lachisanu lililonse pochokera kumzikiti ndinkati lero ndinena. Lachisanu linkadutsa. Ndinasankha ndekha chitenje choti amayi onse adzavale pa ukwatiwo, chobiriwira chamaluwa agolide, ndipo ndinkachionetsa kwa anzanga a pamsika monyadira.

Kutatsala milungu iwiri, Ramla anabwera ndi nkhani ina.

"Amami, masiku ano bonse bajambula mapikicha ukwati ukalibe kuchitika. Ayub afuna tikajambulile kwamene anabadwila, ku myala ija ya ku Chongwe. Ba dadi bake bamamuuza ati ni pabwino maningi."

"Lusaka yonseyi mulibe malo? Ku Woodlands kuli maluwa, ku Roma kuli kapinga. Mpaka kutchire?"

"Amami naimwe! Ndiye kwamene afuna. Manje sitingayende teka, mufunika mutipelekeze imwe na ba Nuria."

Tinanyamuka Loweruka m'mawa. Ayub ankayendetsa, pambali pake panakhala bambo wojambula zithunzi, a Kalenga, ife amayi atatu kumbuyo. Titangodutsa Chelstone, Ramla anapempha kuti tiime, nakasanza m'mbali mwa msewu.

"Ni pafyumu ya ba Nuria," anandinong'oneza pobwerera.

Ndinamukhulupirira, chifukwa nanenso pafyumuyo ankandizunguza mutu. Titasiya tala n'kulowa msewu wafumbi tinaimanso kuti tifunse njira, ndipo ndinamuona akubenthula kadothi pachulu n'kuponya m'kamwa. Ndinamumenya padzanja.

"Namwino wathunthu kudya dothi ngati nkhuku!"

Anangoseka, ine n'kubwerera ku maganizo anga.

4

Malo aja ndi okongola, zimenezo sindingakane. Matanthwe akuluakulu osanjikizana ngati wina anachita kuwaika ndi manja, mtsinje ukudzipanikiza pakati pawo, madzi akuchita thovu kenako n'kukadekha padziwe lakuda. Mikuyu yamera m'ming'alu, mizu yake itakumbatira miyala. Thanthwe lalikulu kuposa onse ndi lotambalala pamwamba, limachita mthunzi pansi pake, n'chifukwa chake anthu a kumeneko amalitcha Chipewa. Kale tinkachapira pamenepo ine ndi Nuria, n'kuyanika zovala pamiyala yotentha.

Koma anthu a m'tauni anali atapadziwa. Mabotolo a mowa mbwee, matewera a ana atakanikizidwa m'ming'alu, ntchentche ng'waa, fungo la mikodzo. Pathanthwe lina wina anali atalemba ndi penti yofiira kuti Jethro na Emmy. A Kalenga ankangokankha zinyalalazo ndi phazi kuti zichoke kutsogolo kwa kamera.

"Osadandaula ba mayo," anandiuza. "Vonse ivi sivizaoneka mu pikicha."

Nuria anayala mkeka, natsegula poto wa nkhuku yokazinga. Ankadya akunyambita zala, mafuta akuyenderera m'zibangili, mafupa akuponya mumtsinje.

"Malo abwino bwanji, Che Hanifa," anatero akutafuna. "Ngati sindinafikepo."

Mkazi wopanda manyazi! Anandipatsa ntchafu, ndinakana.

Anawo anajambulidwa ataima pamwala, atakhala pa muzu wa mkuyu, akuyang'ana madzi. Ramla anavala diresi loyera ndi mpango wapinki, Ayub mkanjo woyera. Ndinkangoti zithe, tizipita. Kenako a Kalenga analoza kumthunzi kuja.

"Manje tiyeni pansi pa chimwala ichi. Ba sisi, nkhalani apa, muyedzamile kumbuyo. Ba boyi, gonani, muike mutu pa mendo yao. Eya! Ba sisi, muyanganeni pansi, mumugwile ku mutu monga ni kamwana."

Pansi pa Chipewa pali mwala wosalala, wolowa pakati ngati mpando. Ramla anakhala pomwepo. Ayub anagona chagada, mutu pamiyendo pa mwana wanga, nkhope yake pafupi ndi chifuwa chake, akumuyang'ana m'maso. Ramla anamusisita tsitsi.

Ndinathamangira kumadzi n'kusanza tiyi yense wa m'mawa. Nditadzuka, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Ayub! Dzuka pamenepo! Dzuka msanga!"

Onse anatembenuka. Nuria anaimirira, poto n'kugubuduka.

"Che Hanifa, dzuwa lakutenthani. Khalani pansi."

"Dzuwa lake liti? Musandigwire ndi manja amafutawo! Ayub, ndati dzuka. Ameneyo ndi mlongo wako."

5

A Kalenga anatsitsa kamera, nayamba kulowera kugalimoto osauzidwa.

"Amami, mukamba chani?" anafunsa Ramla. "Ba dadi banali na..."

"Ayi! Bambo ako usawaike m'zonyansazi. Anafa oyera. Ndine."

Ndinawauza zonse nditaimirira pomwepo. Ramla asanabadwe ndinali ndi mwana wamwamuna, Hamad, amene anabadwira pa famu paja. Anamwalira ndi malungo ali ndi miyezi iwiri. Mwana tinaika, koma mkaka sunadziwe kuti mwini wake wapita, unkangotuluka mpaka kunyowetsa malaya. Mwezi womwewo Nuria anabereka Ayub, ndipo iye mawere ake anali ouma gwa. Khandalo linkalira mpaka mawu kutha. Apongozi ake a Nuria anali atayamba kale kunena kuti mkazi wouma si mkazi, ndipo ankamufunira mwana wawo mkazi wachiwiri. Nuria anandigwadira pamtsinje pomwe pano. Tsiku ndi tsiku tinkanyamula zochapa, ngakhale zoyera kale, n'kubwera pansi pa Chipewa. Iye ankaima pamwamba kuyang'ana anthu, ine ndinkakhala pamwala wolowa uja n'kumuyamwitsa mwana wake. Mamawa, masana, madzulo. Nyumba zathu zinali zoyandikana, ndiye nthawi zina ankangondipatsira pawindo.

Kwa inu amene si Asilamu: kwathu mkaka ndi magazi. Mwana amene wayamwa bere lako nakhuta amasanduka mwana wako, ndipo ana ako onse, obadwa kale ndi odzabadwa, ndi abale ake. Sangakwatirane mpaka kalekale. Ndi haramu, choletsedwa, chimodzimodzi kukwatira mlongo wako wa mimba imodzi. Mwana aliyense wa ku madrasa, sukulu yathu ya chipembedzo, amadziwa zimenezi. N'chifukwa chake mkazi akayamwitsa mwana wa mnzake amayenera kulengeza kuti abale onse adziwe. Ife tinabisa.

Ayub anali atadzuka, ataima patali ndi Ramla, akupukuta manja pamkanjo wake mobwerezabwereza.

"Mami," anatembenukira kwa amayi ake, "ni zoona?"

"Wapenga ameneyu! Nsanje! Kuyambira kale amandichitira nsanje!"

"Nafunsa ngati ni zoona."

Nuria anangowerama n'kuyamba kutola nkhuku zake mumchenga.

Ramla sanalire. Anabwera pafupi nane, nkhope itauma.

"Munaziba liti kuti Ayub uyu ndiye uja?"

"Tsiku lomwe unanditchulira dzina lake."

"Tsiku ija munaocha chitenje."

"Eya."

"Miyezi eiti, amami." Anagwira pamimba pake ndi manja onse awiri. "Tsiku ija tinali tikalibe kugwilana olo kwanja. Manje mwachedwa. Nili na mimba ya miyezi itatu."

Kusanza kwa pa Chelstone, dothi la pachulu, zonse zinandibwerera nthawi imodzi. Ndinakhala pansi pa matewera ndi mabotolo omwe aja, ndipo ndi pomwe panandiyenera.

6

Lachiwiri lotsatira tinakumana kwa shehe wathu, bambo wachikulire amene anamuphunzitsa Ramla kuwerenga Kurani. Panali ine, Ramla ndi amalume ake, Ayub ndi makolo ake. Bambo ake a Ayub sanamuyang'ane mkazi wawo ngakhale kamodzi. Za mimba aliyense anali atamva.

Shehe anamvetsera zonse, kenako anati: "Lamulo lili ndi malire ake. Kuti chibale cha mkaka chikhalepo, mwana ayenera kuyamwa kasanu, nthawi zosiyana, nakhuta n'kulisiya yekha bere. Zikachepera apo, palibe chotchinga, nikahi ichitika. Ndiye ndikufunsa pamaso pa Allah: mwanayu anayamwa kangati?"

"Kawiri!" Nuria analumpha. "Kawiri kokha, shehe. Ine ndinkadwala mutu, iwo n'kungomugwirizira. Ndalumbira!"

"Woyamwitsa ndi amene akudziwa. Che Hanifa?"

Ndinakweza maso. Ayub ankandiyang'ana. Ramla, amene anali asanandilankhule kuyambira pamtsinje paja, anasendera pafupi n'kuika dzanja lake pa bondo langa. Ndinamva zimene dzanjalo linkapempha. Liwu limodzi lokha. Ndikanati kanayi, mwana wanga akanavala diresi lake, mimba ikanabisika m'nyumba ya ukwati, mdzukulu wanga akanakula ndi bambo ake. Mboni inalipo ndani? Thanthwe silankhula.

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene kanayi, Mulungu ndi mboni yanga. Koma ndinaona kamutu kaja ka Ayub kali m'manja mwanga, kakuyamwa kakutuluka thukuta pamphuno, kadzanja kake katagwira chala changa. Mwana ameneyu ndi amene anandipukuta misozi ya Hamad. Ndinkamutcha mwananga pamene amayi ake sakumva. Ndiye ndimupereke ndekha kuchipinda cha mlongo wake, ndikuimba nthungululu?

"Miyezi itatu, shehe," ndinatero. "Tsiku lililonse. Kuwerenga kwake sindingathe."

Dzanja lija linachoka pa bondo langa.

Shehe anatseka maso nanena kuti ukwati palibe, ndipo sudzakhalapo. Nuria anayamba kunditukwana, amuna ake anamukhalitsa chete ndi liwu limodzi. Ayub anatuluka osavala nsapato. Pakhomo Ramla anaima n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, monga mmene ine ndinkamuyang'anira Nuria akunyambita zala.

"Pamene zoona zinali kufunika, munankhala zii," anatero. "Lelo pamene nafuna boza imozi chabe, ndiye mwankhala ba Hajati boyela. Munanyansa kudala, amami, manje mwanyansilatu."

Anatembenuka n'kumapita ndi amalume ake.

7

Papita chaka ndi miyezi iwiri. Chitenje chobiriwira chija ndinachigulitsa chidutswachidutswa kwa anthu osadziwa nkhani yake. Mpango wa silika ndinautentha kuseri kwa nyumba. Nuria ndimamva kuti akukhala kwa mchemwali wake ku Chunga, amuna ake anamuuza kuti akapume kaye, ndipo mpaka pano akupumabe. Ayub anapempha kuntchito kwake kuti amusamutsire ku Ndola. Amatumiza zofunika za mwana mwezi ndi mwezi, koma Ramla sanaonane naye chichokereni kwa shehe.

Ramla akukhala kwa amalume ake ku Chelstone. Anabereka mwana wamwamuna. Ndinamva kwa anthu a pamsika, ine agogo ake. Ndinapita ndi thumba la matewera ndi kabulangete, ndinamupeza atakhala pakhonde akuyamwitsa. Sanandithamangitse, komanso sanandipatse mpando. Nditatambasula manja kuti ndimunyamule mdzukulu wanga, anamukokera pachifuwa.

"Muyanganeni chabe," anatero.

Ndinamuyang'ana. Ankatuluka thukuta pamphuno poyamwa, ngati bambo ake.

Inu amene mukuwerenga, ena mwa inu mukuti ndikananama kwa shehe, ena mukuti ndinachita bwino. Musavutike kundiweruza pa tsiku limenelo, chifukwa pofika pamenepo njira zonse zinali zitaola kale. Tsiku londiweruzira ndi Lamlungu lija ndikusita, pamene mawu ochepa okha akanakwana. Ramla akanalira mwezi umodzi n'kupeza mchimwene. Ine ndinasankha tiyi wa ku Kabulonga. Ngati muli ndi kanthu kamene munakakankhira kumbali ndi phazi kuti kasaoneke pachithunzi, kachotseni lero ana anu asanakhalepo.

Sabata yatha, pa Idi, chikondwerero chathu cha Chisilamu, foni yanga inalira ndili pabenchi. Nambala ya ku Ndola. Miyezi yonse ija Ayub ankandipatsa moni wa mpongozi, wapatalipatali, koma tsiku limeneli anangoti, "Idi Mubaraka, amayi." Anadikira kuti ndiyankhe. Ine ndinagwira foniyo kukhutu, makasitomala akundikoka nsalu m'manja, osadziwa ngati ndinene kuti zikomo bambo a mdzukulu wanga, kapena zikomo mwananga, mpaka iye anadula.